Nkhafi ya Atate M'sitolo ya ku Quelimane

Seputembala 2013

Linali Lachinayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, pamene ndinalowa m'sitolo ya ziboliboli ku Quelimane, mzinda wakale wa padoko ku Mozambique. Ndinalowamo kuti ndigulire amayi anu kamphatso. Ndinatulukamo nditanyamula nkhafi ya atate anga, imene ine mwini ndinaigoneka pamanda awo ku Mphuka zaka khumi m'mbuyomo. Ana anga, mwakhala mukufunsa chimene chinachedwetsa penshoni yanga, ndipo ena anakuuzani kuti ndinathawa ntchito. Pano ndilemba zimene zinachitika. Koma ndiyambe ndi ntchito imene ndinkagwira ndiponso mbiri ya nkhafiyo, kuti mumvetse.

1981 mpaka 1995

Ndinayamba ntchito ku Siavonga nditangomaliza Fomu 5. Ananditenga kuti ndizithandiza makanika wa maboti a boma. Makanikayo anali a Mweemba, munthu wosalankhulalankhula, ndipo tinagwirizana chifukwa nanenso pakamwa panga n'polemera. Maboti analipo atatu koma loyenda linali limodzi, pakuti awiriwo tinkawachotsa ziwalo kuti lachitatulo likhale moyo. Mapulagi tinkawapala mpaka kutha. Magasiketi tinkadula ku zikuto za mafayilo akale. Tikaitanitsa chitsulo, chinkabwera mvula itadutsa, ndipo kawirikawiri chinali cha injini ina. A Mweemba sankadandaula. Ankangoti, "Zuze, chitsulo sichitayidwa, chimangosintha ntchito."

Agogo anu, a Antonyo Zuze, anachokera tsidya la Zumbo ali mnyamata, nakhazikika ku Mphuka, mudzi wa pafupi ndi boma la Feira ku Zambia. Moyo wawo wonse ankaolotsa anthu pa bwato mu Zambezi, pakati pa Feira, Zumbo ndi Kanyemba, pamodzi ndi mchere, masau ndi nsomba zouma. Nkhafi yawo inali ya mlombwa, yaitali kuposa munthu. Anali amanzere, choncho chogwirira chake chinadyeka mbali imene nkhafi za anthu ena sizidyeka. Nditabwera pa livi mu 1985 ndinapeza atate ali khuma pakhonde. Mvuu inali italuma nkhafiyo n'kuing'alula kumutu. Ndinati asemetse ina, koma anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akwatire mkazi wina. Ndinainyamula pa basi mpaka ku Siavonga. Kumeneko ndinaphwanthaza paipi yakale ya mkuwa, n'kumanga mng'aluwo ndi timisomali ta mkuwa womwewo. Nditaibweza, atate anaitembenuza uku ndi uku, anaiviika m'madzi, kenako anati, "Mwana wa sukulu waiveka nkhafi chibangili." Kuthokoza kwawo kunali komweko.

Mu 1990 anandisamutsira ku Mongu. Kumeneko ndinaphunzira kuyendetsa boti, chifukwa woyendetsa anadwala nthawi ya madzi osefukira ndipo panalibe wina. Za ku Mongu ndinalemba kale m'mutu wapitawo.

1996 mpaka 2003

Ndinabwerera kwathu ku Feira ndili woyendetsa boti komanso makanika wake, ntchito ziwiri malipiro amodzi. Ndinkanyamula anamwino a katemera, mapepala a mayeso, apolisi, nthawi zina maliro. Vuto lalikulu linali mafuta. Kangapo konse injini inazima pakati pa Zambezi, ife n'kumatengeka ndi madzi kulowera ku Mozambique ndi anamwino akulira. Amene ankatipeza anali atate. Ankafika ndi bwato lawo osafulumira, n'kufunsa kuti, "Boma lafanso? Gwira chingwe." Ndipo nkhalamba inkakoka boma mpaka kumtunda, anthu akuseka padoko.

Atate anamwalira mu Ogasiti 2003 kuchipatala cha ku Katondwe. Banja lathu ndi la Chikatolika, koma mwambo umodzi wa makolo sitinausiye. Pamanda a munthu timaikapo mtanda, timaikaponso chimene ankagwiritsa ntchito: mbale, kapu, mpando, kapena nkhafi ngati anali wa pamadzi. Tisanachiike timachibowola. Akulu amati ndiko kuchipha, kuti chitsagane ndi mwini wake. Aliyense wobadwira m'mbali mwa mtsinje uno akaona bowo lotero amadziwa kuti chinthucho si cha amoyo, ndipo sachikhudza ngakhale atachipeza panjira. Sichilowa m'nyumba, sichikwera m'bwato. Pobowola amatenthetsa chitsulo pamoto, n'chifukwa chake mabowowo amakhala akuda ndi okhotakhota.

Ine sindinafune kuti nkhafi ya atate ing'alukenso ndi chitsulo chamoto. Ndinabweretsa chobowolera cha ku wekishopu, ndipo ndinabowola bowo loyera, lozungulira bwinobwino, pamwamba pang'ono pa mkuwa uja. Amalume anga anang'ung'udza kuti mwambo sudziwa makina. Mlongo wanga wamkulu, amene mumamudziwa kuti Mana Roza, anawayankha kuti, "Amalume, musiyeni. Bowo ndi bowo." Tinaigoneka pa mphanda ziwiri kuti chiswe chisaifike. Kumanda munthu sapita chabe, ndipo manda a atate ali mkati mwa thengo, kumbali yakale. Mwezi wa Novembala uliwonse amayi a tchalitchi amapita kukasesako. Ine ndinkatumiza makandulo, Mana Roza n'kundiuza kuti zonse zili bwino.

2010 mpaka 2013

Bwana wanga womaliza anali a Chileshe, ochokera ku Kitwe, ocheperapo kwa ine ndi zaka zambiri. Ndinene zoona, anali bwana wabwino. Ndi iwo amene anamenyera nkhondo kuti tipeze injini yatsopano, ndiponso majekete opulumutsira anthu m'madzi. Ankanditcha "ba Zuze" kapena "mudala," ndipo akakwera boti ankagwira phewa langa ngati mwana, chifukwa sankadziwa kusambira. Atayitanidwa ku msonkhano wa anthu oyendetsa za pamadzi ku Quelimane, anasankha ine kuti ndiwaperekeze. Chikunda chathu chimamvana ndi Chinyungwe ndi Chisena, ndipo Chipwitikizi ndimachitola pang'ono. Anati, "Mudala, mwatsala pang'ono kupuma. Tiyeni mukaoneko nyanja ya mchere musanakhale pansi." Ndinali nditatsala ndi miyezi yochepa, ndipo mbiri yanga ya ntchito inalibe banga.

Tinayenda pa motoka ya boma ndi dalaivala, a Lungu, kudzera ku Katete ndi ku Tete. Quelimane ndinaikonda. Njinga zonyamula anthu zili ponseponse, mitengo ya kokonati ikufika mpaka m'misewu, ndipo m'mbali mwa mtsinje muli tchalitchi chakale choyang'ana kudoko. Atate ankanena kuti makolo awo ankatsika ndi mabwato mpaka kumeneko. Ndinaima padokopo nthawi yaitali.

Msonkhano unatha Lachitatu. Lachinayi m'mawa bwana anati tikagule za kunyumba tisananyamuke. Sitoloyo inali pafupi ndi doko, m'nyumba yakale ya makoma okhuthala. Mkati munkanunkha polishi wa nsapato. Munali ziboliboli zakuda za akazi osenza mitsuko, timabwato ta matanga, madengu, mikanda ndi nsalu zimene kumeneko amazitcha kapulana. Ndinasankhira amayi anu kapulana wobiriwira wa maluwa achikasu. Ndikumupinda, ndinamva bwana akuitana kuchokera m'chipinda cha mkati.

"Ba Zuze, bwerani muone! Kuno ndiye kuli vinthu veniveni."

Ndinalowa. Khoma lonse linali lodzaza: mbale zamatabwa, mbale zamalata, makapu, zikho, timipando, mitondo, nkhafi. Chilichonse chinali ndi bowo. Ndinayang'ana kumanzere, bowo. Kumanja, bowo. Ndinali nditaima m'manda a anthu ambirimbiri, koma ali ndi denga ndi fani yozungulira. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndavula.

Bwana anali atanyamula nkhafi, akuipalasa m'mwamba ngati mwana. "Iyi tizapachika mu ofesi, pamwamba pa tebulo yanga. Ofesi ya maboti yopanda nkhafi ni ofesi ya bwanji? Onani, inabwera na bowo yopachikira kale."

Choyamba ndinaona mkuwa. Unali utabiriwira, koma timisomali tinali m'malo mwake mmene ndinatikhomera ku Siavonga. Kenako ndinaona chogwirira chodyeka kumanzere. Bowo ndinaliyang'ana pomaliza, chifukwa ndinali nditadziwa kale. Linali loyera, lozungulira bwinobwino, lokhalo pakati pa mabowo akuda onsewo.

Mwini sitolo, amene kumeneko amati patarau, anali bambo wonenepa wa ku Tete, wovala malaya oyera. Ndinamufunsa m'Chikunda, iye n'kumayankha m'Chinyungwe, ndipo tinamvana mawu onse.

"Patarau, zinthu izi mumazitenga kuti?"

"Kumtunda kwa mtsinje, achimwene. Anyamata a malonda amabweretsa. Zumbo, Mague, mpaka kwanu ku Zambia komwe."

"Mukudziwa tanthauzo la mabowowa?"

Anaseka osabisa kanthu. "Ndine mwana wa m'Zambezi, ndilekerenji kudziwa? Azungu nawonso akudziwa masiku ano. Chopanda bowo amati chasemedwa dzulo. Chikakhala ndi bowo amalipira osanenerera. Bwerani muone."

Anatsegula chitseko cha kuseri. Pabwalo panali amuna awiri atakhala pa mbaula. Mmodzi ankatentha chitsulo n'kumabowola mbale zatsopano, winayo ankazipaka polishi ndi dothi. Mwini sitolo anati, "Zenizeni zikuchepa, ndiye timathandizira." Kuba ndinkakudziwa, ndakhala padoko moyo wanga wonse. Koma kuti munthu akhale pansi m'mawa, atadya bwino, n'kumapanga katundu wa akufa amene sanafe, zimenezo mutu wanga unakana kuzilandira.

Analoza nkhafi ili m'manja mwa bwana. "Iyo yokha ndiyo yandisowetsa mtendere. Chaka chachiwiri chino ili pakhoma. Ndi yeniyeni, koma mzungu aliyense akaiona amati bowolo ndi la makina, ndi yabodza. Sindikudziwa chitsiru chimene chinabowola chonchi. Ndauza anyamatawa kuti alitenthe sabata ino, lide ngati anzake."

Ndinati, "Chitsirucho ndine."

Bwana sankamva chinenerocho, koma anaona nkhope yanga. "Mudala, ni chani? Mwadwala?"

"Abwana, ikani pansi nkhafiyo. Ndi ya atate anga. Yachokera pamanda."

Sanaiike, anaitaya. Inagwa pa simenti ndi phokoso limene ndimalimvabe. Anapukuta manja pa buluku, kenako pakhoma, kenako anathamangira panja akuitana dzina la Yesu.

Mwini sitolo anasiya kuseka, koma sanachite manyazi. Ndinatchula apolisi. Anati, "Pitani. Adzaitenga ngati umboni, inu mubwerere kwanu, iyo itsale m'chipinda chawo mpaka chiswe chiimalize. Kapena mugule, muchoke nayo lero." Ndinaganiza, ndipo ndinaona kuti sakunama. Ndinakhuthula alawansi yanga pa tebulo. Anaiwerenga pamaso panga, n'kundifunsa ngati ndikufuna aikulunge m'nyuzipepala. Ndinaikulunga ndekha ndi kapulana wa amayi anu.

Tsiku lomwelo, masana

Motoka inali itaima panja pa nyumba ya alendo, katundu atakwezedwa kale. A Lungu ataona chimene ndanyamula anatsika n'kukaima patali. Bwana anatsitsa galasi pang'ono chabe.

"Awe, ba Zuze. Icho sichikwera muno."

"Tiimange pamwamba, abwana. Siilowa mkati."

"Pamwamba ni pamutu panga! Mwaona mseu wa ku Tete mmene ulili? Nili na bana bang'ono, mudala. Nagwira kale na manja, simunaone? Manje mufuna niyende nacho masiku awiri?"

A Lungu anafuula ali patali pomwepo, "Ine makiyi awa, abwana. Chikakwera icho, muyendetse mweka."

Sindinawaseke, ndipo inunso musawaseke. Mwambo umene ankauopa ndi womwewo umene ine ndinkaulemekeza. Ndikanakhala ine, mlendo atabwera ndi chinthu chotero padoko, sindikanamukweza m'boti langa.

Bwana anatsika, naima chapatali, nalankhula mofatsa. "Mverani, mudala. Siyani apa kwa mwini nyumba. Tikafika tizaona mochitira, mwina muzabwera mukapuma ntchito. Ni thabwa chabe."

"Ngati ndi thabwa chabe, abwana, tikwere nalo."

Bwana anati, "Mande kubwera alendo ochokera ku Lusaka, bafuna boti. Woyendetsa ndimwe mweka. Mukatsala kuno, ine nizakamba chani? Tinachoka batatu, tabwera babili? Nifunika kulemba lipoti, ndipo mudziwa chimene lipoti yotero ichita kwa munthu wotsala pang'ono kutenga penshoni. Musanichititse ichi, ba Zuze. Nikupemphani."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Zaka zonsezo sindinajombepo ntchito. Iwe Tereza unali ku koleji, ndipo nyumba ya ku boma tinali tisanaifolere. Ndinayang'ana mwini nyumba ya alendo, mnyamata wa tcheni m'khosi amene ankamvetsera zonse ali pakhomo. Sitolo ija inali pamsewu wachiwiri chabe. Ndinaona kuti tikangokhota, nkhafi ibwerera pakhoma, ndipo sabata isanathe chitsulo chamoto chilowa m'bowo langa. Ikatero ipita kutsidya la nyanja, ikapachikidwe m'nyumba ya munthu amene sadziwa dzina la Antonyo Zuze.

Ndinatsitsa chikwama changa m'motoka. Ndinati, "Lembani zimene mwaona, abwana. Musawonjezere, musachotsere."

Anatulutsa ndalama m'thumba la malaya, koma poopa kukhudza dzanja langa anaziika pa mwala. "Ndimwe ouma mutu, mudala," anatero. Motoka inanyamuka. Ndinatsala pamsewu wa mzinda wachilendo, ndi chikwama kudzanja ili, atate kudzanja linalo.

Ulendo wobwerera

Ndinakwera timabasi mpaka ku Tete, kenako ku Songo. Nkhafi inkayenda pamwamba, yomangidwa pamodzi ndi matumba a makala, ndipo palibe anafunsa. Kuchoka kumeneko njira yachidule yofikira kwathu ndi ya pamadzi, kukwera damu la Cahora Bassa mpaka ku Zumbo. Ndinadikira boti la katundu masiku angapo, ndikugona pakhonde la sitolo. Lolemba lija la alendo a ku Lusaka linandipeza pamenepo.

Woyendetsa botilo anali nkhalamba ya diso limodzi. Ataona mtolo wanga wautali anati, "Masulani." Ndinamasula. Anaona bowo, nabwerera m'mbuyo, navula kapusi. Ndinamuuza zonse. Sanadabwe monga ndinkayembekezera. Anati manda a kwawo ku Mague anasesedwa kale ndi akuba.

"M'boti siikwera, mukudziwa nokha," anatero. "Koma mwini wake anali wa pamadzi. Ayende m'madzi."

Anandipatsa chingwe. Ndinachilowetsa m'bowo lija n'kumangirira kumbuyo kwa boti. Masiku awiri ndinakhala pafupi ndi injini, maso ali pa nkhafi ikudumphadumpha m'thovu kumbuyo kwathu. Ndinakumbukira mawu aja akuti "Gwira chingwe." Ulendo uno wokokedwa anali atate.

Ku Mphuka

Ndinaoloka pa Zumbo n'kudindisa pasipoti, koma ku ofesi sindinapite. Ndinalowera ku Mphuka. Nkhafi ndinaipachika mu mtengo wa msau kunja kwa mudzi, pamodzi ndi kapulana, chifukwa nsaluyo sikanathekanso kuvalidwa. Amayi anu sanalandire mphatso ya ku Quelimane. Mana Roza ndinamupeza akupeta mapira pabwalo.

"Iwe Domingo, uli moyo? Akazi ako akulira, ku boma akuti wasowa ku Mozambique."

"Mana, nkhafi ya ababa ili kuti?"

Lichero linaima. "Ili kumanda. Ikhalenso kuti?"

"Tiye ukaone chimene chili mu msau uja."

Atayiona anakhala pansi m'fumbi, miyendo tambalale, nagwira pakamwa. Sanalire msanga. Anafunsa kuti, "Wakupatsa ndani? Ndi Mai Jowana?" Mai Jowana ndi msuweni wathu, amene nyumba yake yayang'anana ndi ya Mana.

"Ndaigula m'sitolo ku Quelimane."

"M'sitolo?"

"Pamodzi ndi mbale ndi makapu a anthu ena. Amagulitsa kwa azungu."

"Azungu akadye m'mbale za akufa?"

"Sadyeramo. Amapachika pakhoma."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenako zonse zinatuluka. Anapeza mphanda zili zokha mu Novembala 2011. Sanandiuze chifukwa ankadziwa chimene anthu amaganiza chinthu chikasowa pamanda: kuti wina wachitenga kukapangira mankhwala oipa, ndipo wotengayo amakhala wachibale. Anakayikira Mai Jowana, chifukwa anakanganapo za malire a munda. Zaka ziwiri sanapatsane moni, sanapemphane moto. Ana awo analetsedwa kuseweretsana. "Ndipo iyenso mbale ya amake inasowa," anatero Mana. "Ndinkaona mmene ankandiyang'anira. Ankati ndine. Mayo ine, Domingo, tadana chifukwa cha khoma la mzungu?"

Tinapita kwa a Sabao, mkulu amene amayang'anira manda, kukapempha njira. Anatitsogolera dzuwa lisanalowe. Ndinali nditakonzekera kuona mphanda za atate zopanda kanthu. Sindinakonzekere zimene ndinaona. Kumbali yakale konse kunalibe mbale, kunalibe kapu, kunalibe mpando. Mitanda yokha, ndi timaenje m'dothi mosonyeza pamene zinthu zinakhala. Manda amene ndinkawadziwa ndi mtondo wake kapena chikho chake sindinathe kuwasiyanitsa. Mudzi wonse unkadziwa, banja lililonse likusunga chilonda chake, likuloza mnzake mumtima.

A Sabao anamvetsera nkhani ya sitolo ali chiimire. Atamva za amuna obowola mbale zatsopano anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anati, "Ndiye kuti bowo limene tinkatsekera nalo akuba ndilo likuwaitana."

Mana anati, "Tiibweze pa mphanda zake mawa."

"Mvula isanagwe idzakhala itapitanso," anatero a Sabao.

"Ndiye tiikwirire."

"Manda sakumbidwa kawiri, mayi. Mukudziwa."

"Nanga kunyumba?"

Tonse tinkadziwa kuti siilowa m'nyumba. Tinabwerera kumudzi. Pofika, Mana sanalowe kwake. Anaoloka bwalo, nakaima pakhomo la Mai Jowana, n'kuomba m'manja. Ine ndinapitirira, sizinali zanga.

Za ku ofesi ndinene pano kuti ndithane nazo. A Chileshe analemba lipoti monga ananenera, osawonjezera, osachotsera. Alendo a ku Lusaka anabwerera osakwera boti, ndipo anakwiya. Ndinalandira kalata yondiimba mlandu wochoka pa ntchito popanda chilolezo, nkhaniyo inazungulira m'maofesi, ndipo penshoni inachedwa kupitirira chaka. Iwe Tereza unaima sukulu teremu imodzi chifukwa cha zimenezi. Ndikudziwa, ndipo sindinaiwale. A Chileshe mpaka lero amandiimbira foni pa Khirisimasi, koma dzanja langa sanaligwirenso.

M'mawa mwake

Ndinadzuka kusanatenthe, ndinakabwereka sowo kwa kalipentala wa pafupi ndi tchalitchi. Ndinatsitsa nkhafi mu msau. A Sabao anabwera, Mana Roza anabwera, ndipo kumbuyo kwake kunali Mai Jowana, maso onse awiri otupa. Titafika pamanda, Mana anaona sowo ija nandigwira mkono.

"Domingo, wayenda nayo dziko lonse lija, wataya ntchito, kuti udzaidule?"

"Yathunthu ili ndi mtengo, Mana. Ndauona ndi maso anga."

Anayang'ana a Sabao. Iwo anati, "Kupha ndi kupha. Bowo linali la nthawi yake."

Ndinaigoneka pa mphanda. Ndinayambira pa bowo langa lija, kudula mopingasa kuti lisaonekenso. Mlombwa wouma ndi wolimba, ndipo thukuta linanditsika. Ndinadula pa mkuwa, sowo ikulira. Ndinadula pa chogwirira pamene dzanja lamanzere la atate linadya mtengo. Ndinapitiriza mpaka panalibe chidutswa chimene munthu angapachike pakhoma. Mana ndi Mai Jowana ankatola zidutswazo n'kumaziyala pamtumbira, chilichonse pamalo pake, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, kotero kuti woima pamenepo aone kuti pagona munthu wa pamadzi. Kapulana tinamuyatsa pambali. Mana anayambitsa pemphero la akufa, ife tinayankha.

Ndinabweza sowo kwa mwini wake, ndinatsikira ku Zambezi kukasamba m'manja, ndinavala yunifomu imene inali m'chikwama, n'kuyamba kuyenda wapansi kupita ku boma kukaonekera kwa bwana.